Mundiluke Cham'mbuyo

Make Mapasa anali asanamalize n'kusesa komwe pamene Tsabola anatulukira pakhomo la saluni, mpango uli kumaso, akuyenda chopendekera ngati wanyamula ndowa dzanja limodzi. Moni sanapereke. Anangodziponya pampando wa pagalasi n'kuvundukula mpangowo.

"Asisi, mundiluke."

Tsabola anali mng'ono wake, wopondana naye, bere limodzi. Dzinalo anam'patsa ndi malemu bambo awo, poti mwanayo anayamba kuyankha akuluakulu mano asanathe kumera. Koma mu saluni muno za ubalewo zinali zosadziwika. Kwa makasitomala, Tsabola anali mmodzi chabe mwa atsikana a ku bala amene ankabwera m'mamawa, anthu aulemu wawo asanafike, ndipo ankalowera khomo la kuseri. Lero anali atalowera la kumaso.

Make Mapasa anatsamiritsa tsache pakhoma n'kuyang'ana m'galasimo. Diso la Tsabola, limene linatupa, linali litaphwa, koma m'mphepete mwake munali mudakali bii. Kuchokera pakhutu kutsika mpaka pachibwano panadutsa mzere wa ulusi wa adokotala, wosokedwa mothamanga ngati pakamwa pa thumba la makala. Khutulo linali long'ambika pamene pankakhala ndolo.

Anamuchita zimenezi ndi kasitomala wa Tsabola yemweyo, bambo wa malole, munthu wamimba yake amene m'tauni monse ankamuvulira chipewa. Anam'swera botolo kumaso n'kumusiya m'ngalande kuseri kwa nyumba yogona alendo. Atsikana a ku bala zikawagwera zotere amakadzitsekera m'nyumba mpaka zipole, chifukwa ukapita kupolisi kukadandaula, wothera m'chitokosi umakhala iweyo. Koma Tsabola ndi Tsabola. Anakwawa mpaka pakauntala ya apolisi, ndipo atamufunsa kuti, "Nanga iwe kumeneko umakatani? Ukudziwa kuti tikhoza kukutsekera?" iye anati, "Nditsekereni, koma muyambe mwalemba zangazi." Analemba. Lero mlanduwo unali kulowa m'khoti, ndipo atolankhani anali atamva kale fungo.

"Ndakukonzera zonse," anatero Make Mapasa akutsegula kabati. Anatulutsa wigi ya tsitsi logwera kumaso, magalasi akuda ndi kabotolo ka paudala wamadzi. "Ndikamaliza, ngakhale amayi atadzuka kumanda sangakuzindikire."

Sankadzitama chabe ayi. Pa ntchito yobisa mabala dzanja lake linkadziwika. Ankadziwa mtundu woyamba kuyala pamalo pofiira, ndi wina woyala pamene padera, kenako n'kuphimba ndi wofanana ndi khungu, pang'onopang'ono, ndi nsonga ya chala. Akazi ambiri anatulukapo mu saluni muno akuwala ngati akupita ku ukwati, a ku bala ndi apabanja omwe, ndipo iye sankafunsa kanthu. Ankati kumeneko ndiye kuchitira munthu chifundo.

"Paudala ayi," anatero Tsabola. "Wigi ayi. Mundiluke cham'mbuyo, mizere yopita kunkhongo, khutu lionekere."

"Wapenga kodi?"

"Kalekale."

"Iwe, kukhotiko kuli makamera! Mawa nkhope imeneyi ikhala patsamba loyamba, mkuja anthu azikulungira tomato."

"Ndiye bwino. Aziti akamamasula tomatoyo, azikumana nane."

Make Mapasa anatsonya. Anadontheza paudala pachala, n'kugwira chibwano cha mng'ono wakeyo monga ankachitira nthawi zonse. Kunena zoona, vuto silinali nkhope ya Tsabola yokha. Vuto linali lakuti nkhopeyo inali yakenso: chipumi chomwecho, mphuno yomweyo, kampata ka mano komweko. Chimene chinabisa ubale wawo zaka zonsezi chinali mawigi a Tsabola basi. Ukamuluka cham'mbuyo, ngakhale mwana akhoza kuloza kuti awa ndi pachibale. Ndiye amayi a kutchalitchi amene amadzaza mipando iyi Loweruka adzabweranso? Mapasa ake kusukulu adzawatcha chiyani? Nanga bambo a mapasa, munthu wosafuna kumva n'dzina lomwe la mlamu wakeyo? Ankachita mantha, ndipo ankachita manyazi ndi mantha akewo.

Chala chisanafike patsaya, Tsabola anamugwira dzanja.

"Asisi, loya wa bambo uja akuti ndinagwa ndekha nditaledzera. Akuti ndi kachilonda ka tsiku limodzi. Mayi amene akundiyimira aja andiuza kuti lamulo likafika pa ntchito yathu limachita chibwibwi, apa eya, apa ayi, ndiye apolisi amangotola pamene pawakomera. Koma likafika pa kumenya munthu silichita chibwibwi. Chatsala n'chakuti majisitireti aone ndi maso ake. Inu mukufuna mukamuthandize loya uja?"

"Ndikufuna kukuteteza."

"Chiseko munamuteteza bwino."

Apa Make Mapasa anatsitsa dzanja. Chiseko anali mnzake wa Tsabola, mtsikana amene ankaseka mpaka kugwetsa zipeso pathebulo. Anakhalapo pampando womwewu kangapo konse, mlomo uli chotupa, ndipo nthawi zonse ankatuluka wosalala ngati khanda.

"Komaliza munam'paka ali m'bokosi," anapitiriza Tsabola, mawu ali pansi. "Anthu n'kumati, taonani, wangokhala ngati wagona. Nyuzipepala inati mayi woyendayenda wapezeka atafa, timizere tochepa pansi pa malonda a matayala. Galimoto imene inam'tenga tsiku limene lija tonse tikuidziwa, ndi yomweyi inanditenga ineyi. Sindikuti munalakwa, asisi, tinkakupemphani tokha. Koma paja amati bisani matenda, maliro tidzamva. Ine maliro ndatopa nawo."

Asanayankhe, panja panamveka "Odi, odi kuno!" Make Mapasa anatola thaulo msanga. Anatembenuza mpando kuloza kukhoma n'kuponya thaulolo pamutu pa Tsabola, mwachangu ngati wobisa nkhuku yakuba.

Analowa akazi a ahedi, a pasukulu pomwe pankaphunzira mapasa aja, nyuzipepala ili m'khwapa. Anali ndi msonkhano wa amayi masana, ankangofuna kuchapitsa tsitsi. Anadzikhazika pampando wina, n'kutambasula nyuzipepalayo asanavule ndi duku lomwe.

"Make Mapasa, mwaiona ya lero? 'Hule akokera bwana kukhoti.' Taonani katuniyi, abale! Kamkazi kasiketi yaifupi kakuthamangitsa bambo, kali ndi nsapato m'manja." Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ndiye anyamata a pawailesi aja m'mawa uno anandipha nacho chiphwete. Akuti kodi wamalonda akavulala pa ntchito amasumira kasitomala? Dziko latha ili. Munthu wopindulitsa tauni, wolemba anthu ntchito, akamuyalutse ameneyu?"

Masiku ena onse Make Mapasa akanaseka nawo pang'ono, kaseko ka bizinesi, kosafika m'mimba. Lero sanaseke. Anasuzumira tsambalo. Munali malole a bambo uja, munali timu ya mpira imene amaigulira yunifolomu, munali ngakhale mtundu wa suti imene anavala tsiku lopatsidwa belo. Za botolo munalibe.

"Mayi," mawu anatuluka pansi pa thaulo, "za khutu alembamo?"

"Khutu lanji?"

"Langali."

Tsabola anachotsa thaulo n'kuzunguza mpando. Akazi a ahedi anayang'ana ulusi uja kuyambira pakhutu mpaka pachibwano, ndipo mosadziwa, dzanja lawo linakwera n'kukagwira pansi pa diso lawo lamanja. Make Mapasa anaona. Pamalo pamenepo ndi iye amene anayalapo paudala mwezi watha, Lamlungu m'mawa, mayiwo akumuuza kuti anagunda chitseko cha kabati. Iye anavomera za kabatiyo, monga ankavomerera makabati onse a m'tauni muno.

Dzanjalo linatsika msanga. "Make Mapasa," anatero mayiwo, mawu atauma, "masiku ano zoterezi mukuzilowetsera khomo la kumaso?" Kenako maso awo anapita m'galasi, m'mene nkhope ziwiri zinali zitagundana, ina pamwamba ina pansi. Anayang'ana iyi, n'kuyang'ana iyo. "Kodi ameneyu ndi ndani wanu?"

Yankho lakale linali pamlomo pa Make Mapasa, lokonzeka: kasitomala chabe, mayi. Analinenapo kambirimbiri, Tsabola ali pomwepo, ndipo Tsabola sankaphethira n'komwe. Anayang'ana pansi, pamutu umene unali pakati pa manja ake. Pa liwombo panali kachipsera kakale, ka tsiku limene Tsabola anagwa pamsana pake ali khanda, iye akuthamangira kukasewera. Tsiku limenelo amayi awo sanamukwapule. Anangomuberekanso mwanayo pamsana n'kumanga mfundo ziwiri.

"Ndi mng'ono wanga, mayi," anatero. "Bere limodzi."

Akazi a ahedi anaimirira n'kukonza duku lawo. Pakhomo anaima kanthawi, kenako anatuluka, tsitsi losachapa, nyuzipepala ataisiya pampando. Make Mapasa anadziwa kuti belu la nkhomaliro lisanalire, nkhaniyi ikhala itazungulira sukulu yonse. Koma nanga akanatani, poti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamkulu pakhomo pawo anatsala ndi iyeyo.

Anapukuta chala pathaulo. Anabwezera wigi ndi magalasi m'kabati, n'kutenga chipeso cha mchira.

"Weramira kuno."

Anang'amba mzere woyamba kuchokera pachipumi. Tsitsi la Tsabola linali litafupika ndi kuthothoka chifukwa cha mawigi, ndipo cha kukhutu kunali magazi ouma amene anawanyowetsa ndi thonje la madzi ofunda mpaka anasungunuka. Zala zake zinkadziwa mutu umenewu kuposa mutu wina uliwonse. Ndi pamutu pomwepa pamene anaphunzirira kuluka, ali pakhonde, mwanayo atamupana ndi mawondo kuti asathawe.

"Mayo! Mukukoka!"

"Khala bwino, iwe. Botolo unapirira, ukalire chipeso?"

"Botolo silinali mchemwali wanga."

Anaseka onse awiri, ndipo Tsabola anagwira tsaya poti ulusi unkakoka. Kenako Make Mapasa anazindikira kuti akulira, misozi ikugwera m'mizere ya tsitsi. Sanaipukute, manja onse anali pa ntchito.

"Bambo a mapasa muwauza chiyani?" anafunsa Tsabola.

"Ndiwauza kuti ali ndi mlamu. Anaiwala."

Mzere womaliza, wa pamwamba pa khutu, anauluka mofatsa, akukweza tsitsi lililonse kuti pasakhale ngakhale limodzi logwera pabala. Atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Pa zaka zonse za ntchito yake, aka kanali koyamba kuti munthu adzuke pampando wake bala likuonekera kuposa mmene analowera. Anaolera tsitsi lothothoka m'nyuzipepala ija n'kuiponya m'bini.

"Zikomo, asisi. Ndikuuzani mmene ziyendere."

"Undiuza chiyani? Tadikira nditseke mawindo."

Anamangirira duku lake, n'kukhoma loko pakhomo la kumaso dzuwa lili m'mwamba, chinthu chimene ankachita pa maliro pokha. Mu minibasi anthu ankayang'ana tsaya la Tsabola n'kuthawitsa maso.

Pakhoti panali podzaza. Tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo, panaima atsikana a ku bala, mipango ili kumaso, atabwera kudzaona koma osayerekeza kuwoloka. Pamasitepe panali bambo wa malole, suti ili pya, nkhope yosalala, akugwirana chanza ndi atolankhani ngati anzake a kumowa. Wina anakuwa kuti, "Uyo akubwera apoyo!" ndipo makamera onse anatembenuka, eni ake akumwetulira kale, poti ankayembekeza kamkazi ka pakatuni kaja.

Tsabola sanafulumire. Anakwera sitepe imodziimodzi, n'kuima pamene dzuwa linkamenya bwino, n'kutembenuzira tsaya lake kwa iwo. Kumwetulira kuja kunazima. Mtolankhani wina wamkazi anatsitsa cholembera n'kugwira khutu lake. Bambo wa malole anayang'ana kamodzi kokha, kenako anakweza nyuzipepala imene inali m'manja mwake n'kubisa nkhope.

Make Mapasa anali ataima pambali pa mng'ono wake, phewa kugunda phewa. Anaganiza za mapasa, za mipando yopanda anthu Loweruka, za chitseko cha kunyumba madzulo ano. Zonsezo zinali zikumudikira ndithu, palibe chimene chinachoka.

Mnyamata wojambula anagwada patsogolo pawo, diso limodzi lili pakamera, n'kukupiza dzanja.

"Mayi, tasunthani pang'ono. Mwalowa m'chithunzi."

Make Mapasa anamasula duku lake n'kulipinda bwinobwino, chipumi chili poyera, ndipo anakoleka mkono wake mu mkono wa Tsabola.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero. "Jambula."