Penti Yoyera pa Njira ya Nkhuni

"Taimani kaye, a Petulo! Mukufuna ndifere m'phiri la eni?"

Petulo anaima, natula chitini cha penti pamwala. A Kingstone anali m'munsi, akukwera ndi manja omwe, malaya ali chinyowere ndi thukuta. Iwowa anali mkulu wa alonda a nkhalango, kwawo ku Ntcheu. Boma linawatuma ku Chembe kuti apeze njira yoti alendo achizungu aziyendamo wapansi poona mapiri ndi nyanja. Petulo anali msodzi wopanda bwato, poti lake linasweka ndi mwera chaka chapitacho. Munthu wosonyeza njira yabwino anali woti alembedwe ntchito yoperekeza alendo, ya yunifomu, jombo ndi malipiro a pamwezi.

"Lero ndi tsiku lachitatu," anatero a Kingstone atapezako mpweya. "Taona chiyani? Minga ndi ndowe za anyani. Mzungu angakwere ndege kudzaona zimenezi? Ndikufuna madzi akumwa panjira, mthunzi, ndi pamwamba poti munthu aone zilumba. Lero zikakanika, mawa nditenga Blackson. Akuti anakulira momwe muno akusaka mbira."

"Blackson ndi wabodza, bwana. Phiri amaliona ali pamowa."

"Wabodza kapena ayi, inu oona mwandisonyeza chiyani?"

Njira yoteroyo inalipo, ndipo Petulo ankaidziwa. Chitsekereni boma phirili, wodula mtengo ankalandidwa nkhwangwa. Koma kampango ndi mcheni sizidikira lamulo. Zikapanda kuwambidwa tsiku lomwelo zimaola. Ndiye amayi owamba nsomba anapeza mpata wopapatiza kuseri kwa thanthwe lalikulu, wotulukira m'chigwa chodzaza mitengo youma. Polowa ankaponda pamiyala pokhapokha, ndipo womalizira ankafufuta mapazi ndi nthambi. Amuna sankauzidwa. Petulo anadziwa chifukwa tsiku lina mkazi wake Benedicta anabinya mwendo komweko, ndipo panafunika womubereka. Tsikulo a Aida, mkulu wa amayiwo, anamugwira pamkono n'kumuuza kuti, "Maso aona, achimwene. Pakamwa pasaone."

Petulo anaganiza za chaka chonse chimene anakhala akukoka makoka a anzake, akudya thukuta la mkazi. Alendo ndi angati? Amabwera miyezi yozizira yokha. Amayi amadutsa m'mamawa, azungu adzadutsa dzuwa litakwera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Tiyeni uku, bwana."

Analowa mumpatamo chammbali. Mkati munali mozizira, mikuyu itakumana pamwamba. Patsogolo panali kasupe wotuluka pansi pa mwala, madzi ake oyera mbee. A Kingstone anamwa ndi manja, nasamba kumaso, nayamba kuseka okha. Atakwera pang'ono anafika pathanthwe lafulati. Pamenepo zonse zinali poyera: chilumba cha Thumbi apo, cha Domwe uko, mabwato ngati nyerere pamadzi, mudzi wonse utandandalika pamchenga.

"Ambuye wanga! Nanga masiku onsewa mumandizunziranji? Pakani penti, a Petulo. Mwala uliwonse wachikhumi, chizindikiro."

Pobwerera a Kingstone anatola kanthu m'mbali mwa njira. Inali nkhata ya udzu, yosenzera mtolo. Anaitembenuza, nayang'ana zitsa zodulidwa bwino ndi nkhwangwa.

"Anyani a kuno ndi ochenjera," anatero. "Amapota ndi nkhata zomwe."

Anaiika m'chikwama.

M'mawa mwake Petulo ankasoka ukonde wa eni pakhonde pamene Benedicta analowa pabwalo, chingwe chili m'manja, kumutu kulibe mtolo. Sanapereke moni. Anamugwira dzanja, nalitembenuza. M'zikhadabo munali penti.

"Bambo a Keti, mwatigulitsa."

"Make Keti, tamverani kaye. Ndi njira ya alendo chabe. Inu muzidutsa nthawi yanu."

"Nthawi yathu iti? Pampata pakhala alonda awiri ndi mfuti. Miyala yonse yayera ngati manda a ku mishoni. Ngakhale wakhungu angafike pa nkhuni zathu."

"Ntchito ndikaipeza simudzawambanso nsomba. Mudzapuma utsi."

"Ine ndipume. Nanga a Aida ali ndi adzukulu asanu aja adye jombo zanuzo? Nanga Elsie, mwamuna wake anamira? Amayi makumi awiri anandikhulupirira kuti mwamuna wanga ali ndi pakamwa potseka. Ndinawalumbirira ine!"

"Ndikanapanda ine akanaulula Blackson."

"Blackson akanaulula chimene sachidziwa? Ukayenda siya phazi, bambo. Inu mwasiya mlomo, mwaupaka ndi penti yomwe."

Tsiku lomwelo nkhwangwa zisanu ndi ziwiri zinalandidwa. Loweruka tcheyamani wa chipani anaitanitsa msonkhano pansi pa mlambe. Ananena kuti njira ya alendo ndi chitukuko, ndipo wodana ndi chitukuko akudana ndi boma. Anafunsa ngati alipo wodandaula. Anyamata a chipani a malaya ofiira anali ataima kumbuyo kwa anthu. Panalibe anatsokomola. Kenaka tcheyamani anaimiritsa Petulo kuti onse amuombere m'manja ngati mwana wokonda dziko lake. Amayi anaomba. A Aida anaombanso, pang'onopang'ono, maso ali pa Benedicta.

Petulo ntchito anaipeza. Jombo zinali zazikulu, ankaikamo nsanza kutsogolo.

Nkhuni tsopano zinali kutali, kunja kwa malire a nkhalango yotsekedwayo, ulendo wonyamuka tambala atangolira n'kubwerako dzuwa litapendeka. Pofika kunyumba nsomba zogula m'mawa zinali zitayamba kufewa mimba. Ena anasiya kuwamba. Elsie anatenga ana ake n'kupita kwa achibale ku Nkope. A Aida anawotcha mpanda wa bafa lawo, kenaka nsichi za khola.

Benedicta sanamutukwane munthu aliyense, ndipo palibe anamutukwana. Anangosiya kumuitana. Akafika pamadzi nkhani zinkatha. Waya wowambira nsomba amene ankabwerekana ndi anzake anamubwezera, atamutsuka bwinobwino. Tsiku lina anapita yekha kwa a Aida, nagwada pakhomo.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa."

"Walakwa chiyani, mwananga? Iwe ndi mkazi wa bwana tsopano. Dzuka, ungadetse chitenje."

"Mundilole ndiziyenda nanu kunkhuni."

"Msewu ndi wa boma, aliyense amayendamo. Koma ife poyenda timalankhula, ndipo zolankhula zathu sitifuna zikagone kunyumba kwako. Uziyenda kumbuyo."

Petulo anauza mkazi wake kuti asiye kupita kunkhuni, malipiro akwana ufa ndi sopo. Benedicta anayankha akumanga chingwe m'chiuno.

"Ndikakhala pakhomo n'kumadya za penti, ndiye kuti ndinagulitsa nawo. Mundisiye."

Mwezi wa Julaye kunabwera alendo anayi, amuna awiri ndi akazi awo, zikwama kumsana, makamera pakhosi. A Kingstone anapita nawo kuti azimasulira. Petulo anatsogola. Anawasonyeza podutsa mumpata, anawamwetsa pakasupe, anawalozera nkhwazi itatera pamtengo. Alendowo ankangoima paliponse, kugwira makungwa, kununkhiza masamba. M'chigwa mitengo youma inali itagwa yokha, ili mbwee, chiswe chikudya.

Anafika pathanthwe lija dzuwa lili paliwombo. Alendo anakhala pansi, navula nsapato, natulutsa buledi. Mmodzi wa akaziwo anasiya kuyang'ana zilumba, natembenukira kumtunda. Anafuula mokondwa, naloza.

Kutali m'munsi, pamsewu wafumbi wotsikira kumudzi, panali mzere wa amayi atasenza mitolo yaitali. Ankayenda pang'onopang'ono, mitolo ikugwedera. Kumbuyo kwawo, patali ndithu, kunali mmodzi yekha. Mtolo wake unali waukulu kuposa yonse, ndipo ankatsimphina mwendo wakumanzere. Anaima, nafuna kukonza mtolowo, koma unapendekeka n'kugwa. Mzere sunaime. Mayiyo anawerama, nayamba kuyesa kudzisenza yekha.

Makamera analira kangapo. Mzungu uja analankhula mofulumira, akumwetulira.

"Akuti n'zokongola kwambiri," anatero a Kingstone. "Akuti chithunzi chimenechi akachipachika m'nyumba kwawo. Akufunsa ngati amayiwo ndi a m'mudzi mwanu, makamaka wotsalirayo. Akufuna alembe dzina lake kuseri kwa chithunzi."

Petulo anayang'ana pamsewu paja. Mtolo unakwera mpaka paphewa, n'kugwanso.

"Sindikumudziwa, bwana."

A Kingstone anamuyang'ana kanthawi, kenaka anamasulira. Petulo ananyamula zikwama ziwiri za alendo, natsogola kutsika, akuwachenjeza ndi dzanja kuti miyala ya apa ndi yoterera.