Kabokosi ka Nyimbo za Kanjiwa

Dzina loti Kanjiwa anamupatsa ndi mwamuna wake, kale akumujambula nyimbo zake zoyamba, asanakwatirane. Mwamunayo anthu ankamutchula kuti Injiniya, ngakhale kuti kusukulu ya uinjiniya sanapondeko n'komwe. Anali ndi situdiyo m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba yawo, chopanda zenera, makoma ake omatidwa masiponji akuda kuti phokoso lisalowe kapena kutuluka. Nyimbo zonse za Kanjiwa zinali mmenemo, m'kompyuta ya pakona: zimene zinamveka pa wailesi, zimene sizinatuluke, komanso ziwiri zimene anaimba ndi malemu mayi ake atabwera kudzaona mdzukulu.

Kuimba pagulu anasiya kalekale, poti Injiniya ankati mkazi wapabanja saimirira pamaso pa amuna oledzera. Ntchito yake inasanduka kulandira oimba anzake pakhomo, kuwapatsa madzi, n'kusesa m'situdiyomo akachoka. Akakangana, mwamunayo sankamumenya ayi. Ankangonena modekha kuti khomo lili pululu, koma nyimbo ndi za situdiyo. Nambala yachinsinsi yotsegulira kompyuta ankaidziwa yekha. Kanjiwa analongedzapo chikwama kangapo, koma akaganiza zosiya mawu a mayi ake m'chipinda chija, ankabwezera zovala m'kabati.

Tsiku lina kompyuta inadzaza, inayamba kumangoima pakati pa ntchito. Injiniya anali ndi kwaya yoti aijambule, choncho anatuma mkazi wake kukagula hadi diraivi, kabokosi kosungiramo za m'kompyuta. Yekha sankamulola kupita m'tauni. Anamuperekeza mlamu wake, mlongo wa Injiniya, namwino wosalankhulalankhula amene anali pa tchuthi.

Sitolo yake inali kakhonde chabe, anthu awiri osatha kudutsana, zingwe zili lende kudenga. Wogulitsa, bambo wa dazi amene ankatafuna kamtengo kotokosera mano, anayala mabokosi pagalasi. Lina linali lalikulu ngati njerwa, lolowa zambiri, koma lofuna chingwe chakechake cha magetsi. Tina tinali ting'onoting'ono, tongolumikiza ku kompyuta basi. Anafotokoza kuti mwa tating'onoto, kakuda kali ndi kambale kozungulira m'kati ndipo kakagwa pansi n'kulira maliro, pamene kotuwa kalibe chozungulira, n'kachangu, kolimba, koma mtengo wake ndi wowawa.

Wogulitsayo anamufunsa kuti nyimbo zake n'zochuluka bwanji. Kanjiwa anatsegula pakamwa, n'kupeza kuti sakudziwa. Nyimbo zake zomwe.

Foni inalira asanayankhe. Anali Injiniya, ndipo atamva za mabokosiwo analamula kuti atenge lalikululo, lokhala patebulo, chifukwa tating'onoto timamera miyendo. Kanjiwa anavomera. Koma dzanja lake silinachoke pa kotuwa kaja. Kanakwana bwinobwino m'chikhatho, kopepuka ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Mlamu wake atatembenuka kuyang'ana zikwama za mafoni, iye anatulutsa ndalama zimene ankasunga akaluka anzake tsitsi, nalipira kotuwako, n'kukalowetsa m'bulauzi. Atadzutsa mutu, maso ake anakumana ndi a mlamu wakeyo pa kalilole wa kukhoma.

M'basi munali thithithi, bokosi lalikulu lili pamiyendo. Kanjiwa ankadikira funso ulendo wonse. Atayandikira potsikira, mlamuyo anayankhula akuyang'ana kunja.

"Maso angawa afooka masiku ano, mlamu. Zambiri sindiziona."

Kunyumba anapeza kwaya itamaliza. Injiniya analumikiza bokosi lalikulu, nayambitsa kusamutsa zinthu, n'kuuza mkazi wake kuti akhale pompo aziyang'anira, asakhudze kanthu. Iye anati akatula oimbawo kumsewu waukulu kuti akakwere basi. Kwa nthawi yoyamba kompyuta inatsala yotsegula, Kanjiwa ali yekha.

Galimoto itatuluka, anatseka chitseko. Analumikiza kabokosi kake. Foda ya nyimbo zake, yolembedwa dzina lake, anaipeza msanga, naikokera mmenemo monga ankaonera mwamuna wake akuchitira. Kamzere kobiriwira kosonyeza pamene kusamutsa kwafika kanayamba kukwawa. Popeza kompyuta inali ikusenza katundu pawiri, kankayenda ngati nkhono. M'chipindamo munali chifundizi, thukuta linkatsika m'khosi. Mwana anagogoda kufuna madzi, iye anamuuza kuti apite kwa azakhali ake. Anaganiza za mng'ono wake amene anamulonjeza malo ogona, za mmene angaimbirenso ngakhale m'kaholo kakang'ono. Kamzere kanapitirira theka.

Masiponji aja ndi amene anamupweteka. Sanamve geti, sanamve mapazi. Anangoona chitseko chikutseguka. Injiniya anali atakumana ndi basi yoti oimbawo akwere pakona pomwepo, n'kubwerera.

Anayang'ana kabokosiko, nayang'ana pa kompyuta, kenako mkazi wake. Kanjiwa anaimirira, msana utagunda khoma. Mwamunayo anamwetulira.

"Kanjiwa wanga, wandiganizira chonchi? Ndimafunadi kakang'ono koyenda nako kumaukwati."

Anakhala pampando, namuuza kuti nayenso akhale, adikire limodzi kamalize. Podikirapo anatsegula nyimbo imodzi mwa ziwiri zija. Mawu a mayi ake anadzaza m'chipindamo, okhuthala, akutsogolera, ake akutsatira pamwamba. Pakati pa nyimbo mayiwo analakwitsa mzere n'kuseka. Injiniya ankagwedeza mutu motsatira, akuyamikira mmene anaijambulira bwino. Kanjiwa anayang'ana pansi, akuluma mlomo kuti misozi isagwe mwamunayo akuona.

Kamzere katafika kumapeto, Injiniya anatsegula kabokosiko, nafufuta zonse zimene zinalowamo. Anati zimenezi zili kale malo abwino, muno aikamo zovinira. Anakazula, n'kukaponya m'thumba la malaya.

"Ukafuna kumvera amayi uzingondiuza. Ndinakukanizapo?"

"Ayi, simunandikanizepo."

Anatuluka onse, mwamunayo n'kukhoma situdiyo.

Kukhitchini mlamu wake anali akudyetsa mwana. Mlamuyo anangomuyang'ana kumaso kamodzi. Kanjiwa anatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka makapu amene oimba aja anamwera, kapu imodzimodzi, ngakhale ina inali yoyera kale. Patapita kanthawi mlamuyo anapukuta mwana pakamwa, nakweza mawu kuti amveke mpaka pabalaza pamene panali mchimwene wake. Anati kunyumba kwake akukonza denga, ndiye agona konkuno mpaka tchuthi chake chithe. Injiniya anayankha kuti palibe vuto, bola asamadye kwambiri.

Kanjiwa ankadziwa kuti mlamu wakeyo amakhala m'nyumba zosanjikizana, pansi penipeni, popanda denga loti n'kukonza. Anapita kukamuyalira m'chipinda cha mwana.