Dzuwa la Kuseri kwa Galasi

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti a Magalasi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ntchito yawo inali yodula ndi kuika magalasi m'mawindo. Ngakhale mawindo a kutchalitchi anaika ndi iwo. Lamulungu lililonse ankakhala m'kwaya kumbali ya oimba besi, n'kumayang'ana kuwala kukutsikira pamabenchi, mtima uli phee ndi chiyamiko.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Chaka chimenecho anali woyembekezera, ndipo madokotala ataona kuti BP yake yakwera anamuuza kuti akagone m'chipatala mpaka adzachire. Mwamuna wake ankagwira ntchito kutali. Choncho tsiku lopita kuchipatala anadzera kwa makolo ake atanyamula bokosi lamatabwa lokhala ndi sefa pamwamba. Mkatimo munali buluzi wandevu, wa mtundu wa kumayiko otentha, akadali kukula.

"Mdzukulu wathu woyamba ndi ameneyu?" anafunsa amayi ake, atagwira m'chiuno.

"Dzina lake ndi Dikoni," anatero mwanayo. "Muzimuyankhula, muona. Amagwedeza mutu pa chilichonse, ngati amalume pa ulaliki umene sanaumve."

Kenako anatembenukira kwa bambo ake. Nyale za bokosilo zinali ziwiri: yozungulira yotenthetsa, ndi ina yaitali ngati ndodo. "Ababa, yaitaliyi iziyaka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Musaiwale."

"Pita ndi mtendere," anatero a Magalasi. "Udzamupeza ali wonenepa."

Bokosilo silinawasangalatse. Ngodya zake zinali zokhota, ndipo kutsogolo kunali pulasitiki yokandikakandika. Pasanathe sabata anali atamanga nyumba yagalasi lokhuthala, yomata bwino ndi silikoni, ya timabowo tolowera mpweya m'mbali. Anaiika pawindo la pabalaza, pamene dzuwa la m'mawa limafikira.

Nyale yaitali ija anaiyang'ana nthawi yaitali. Kuwala kwake kunali kofooka, ndipo ukaika dzanja sunkamva kutentha. Anaganiza kuti mwana wawo ankaigwiritsa ntchito chifukwa nyumba yake ya lendi inali yamdima. Koma kuno kunali dzuwa lenileni, limene Mlengi anapachika kuti lilamulire usana anthu asanadziwe n'komwe za magetsi. Cholengedwa chimanidwe bwanji dzuwa la Mwini wake n'kumapatsidwa kandodo ka kusitolo? Anaikulunga m'nyuzipepala n'kuiika pamwamba pa kabati.

Masabata oyamba Dikoni ankadya masamba ndi ziwala, n'kumagwedezera mutu nyimbo zimene a Magalasi ankang'ung'udza pometa ndevu. Koma pofika sabata yachisanu ndi chimodzi anasiya kukwera pamwala wa m'nyumba yakeyo. Ankakwawa mimba ikukhula pansi, zala zikunjenjemera. Chiwala chikadutsa pamphuno pake ankachiluma, koma chinkapulumuka m'kamwa. A Magalasi atamugwira chibwano anamva kuti chafewa ngati mphira.

Masana amenewo anapita kukazonda mwana wawo. Anamupeza atatsamira mapilo, mapazi atatupa.

"Dikoni ali bwanji, ababa?"

"Ali pa dzuwa," anayankha.

Silinali bodza, koma linawatsata mpaka kunyumba ngati kamwala ka m'nsapato. Anamwino anali atanena kuti wodwalayo asamve zomudetsa nkhawa. Komabe iwo anali atalonjeza, ndipo chiyambire mwanayo sanapezepo mawu a bambo ake ali opanda kanthu. Ku kwaya madzulo ake besi inakana kutuluka.

Mawa lake anamuika Dikoni m'katoni ya nsapato n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anali mayi wamfupi woyankhula mwachangu. Anamugwira buluziyo miyendo, chibwano ndi msana.

"Mafupa afewa. Buluzi wa mtundu uwu amakhala ndi nyale yaitali. Mumaiyatsa?"

"Sakuisowa, adokotala. Amawothera dzuwa lenileni pawindo. Nyumba yake ndinamanga ndekha, galasi la mamilimita sikisi, lopanda ndi kabanga komwe."

"Ndiye kuti pakati pa iye ndi dzuwa pali magalasi awiri," anatero dokotala. "Bambo, m'dzuwa muli kuwala kwina kumene maso saona. Kukagunda khungu la buluzi ngati uyu, thupi limapanga chimene chimathandiza mafupa kutenga kashiamu, mchere wowalimbitsa, m'chakudya. Galasi limalola kuwala kooneka ndi kutentha, koma kumeneko limakutsekereza panja. Nyale yaitali ija ntchito yake ndi imeneyo."

"Galasi silibisa kanthu," anatero a Magalasi. Ndi mawu amene anauzapo makasitomala osawerengeka.

"Inu ndi a ntchito imeneyi. Munaonapo munthu atasupuka khungu ndi dzuwa ali kuseri kwa windo lotseka?"

A Magalasi anafufuza m'zaka zawo zonse, osamupeza. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Iwo amene ankaphunzitsa a kalasi ya ubatizo kuti moyo umagwidwa ndi zosaoneka, anali ataweruza nyale ndi maso, n'kuipeza yopanda ntchito.

"Achira?"

"Mwabwera nthawi ikadalipo. Chibwano mwina chidzakhala chokhota pang'ono, koma ayenda." Anawapatsa kabotolo ka kashiamu wamadzi ndi kasirinji kopanda singano. Anawauza kuti nyale iyake popanda galasi pakati, ndipo m'mawa azimutulutsa panja, pamalo pamene palinso mthunzi woti athawireko.

Atafika kunyumba anatenga mpeni n'kudula silikoni wa denga la nyumba ija. Galasilo analinyamula mosamala n'kuliimika kuseri kwa chitseko. Pamalo pake anaika sefa ya bokosi lakale, n'kutsitsa nyale pakabati.

"Kachisi wa Solomo akugwetsedwa ndi mwini wake," anatero akazi awo ali pakhomo la kukhitchini.

"Mayi, gwirani waya uku, zolankhula pambuyo."

"Ine ndinaona mukuikulunga nyaleyo. Ndinati ndinene, koma munthu akamang'ung'udza nyimbo ngati mmene munkachitira muja, ngakhale mngelo amadikira."

"Ndikamuuza mwana."

"Ndi BP imene ija?"

"Ndikamuuza ndi mankhwala omwe. Chilonda ndi bandeji zifike limodzi."

Anapitadi. Anakhala pampando wa pambali pa bedi, chipewa chili pamaondo, n'kufotokoza zonse: galasi, nyuzipepala, chibwano, dokotala. Mwanayo anamvetsera akusisita mimba.

"Ndinadziwa kuti pali chinachake," anatero. "Munati ali pa dzuwa mukuyang'ana pansi. Inu mukamanena za dzuwa mumayang'ana kumwamba."

"Ndinakulakwira, mwana wanga."

"Nanenso ndinalakwa. Ana a sukulu ndimawafotokozera chifukwa chake, koma inu ndinangokusiyirani lamulo." Anawagwira dzanja lawo la zipsera za magalasi, kenako anamwetulira. "Koma uyu akabadwa, ababa, musamumangire nyumba."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse a Magalasi ankatulutsa mpando pakhonde, Baibulo m'khwapa, Dikoni pa thaulo m'beseni. Theka la beseni ankaliphimba ndi katoni. Ankamudonthezera mankhwala pamlomo, dontho limodzi limodzi, kenako n'kuwerenga salimo mokweza, dzuwa likuwawomba onse awiri popanda chotchinga. Oyandikana nawo podutsa ankafunsa kuti mpingo watsopanowu umasonkhana nthawi yanji. Iwo ankayankha kuti malo akadalipo, koma aliyense abwere ndi beseni lake.

Sabata yoyamba panalibe chosintha. Yachiwiri zala zinasiya kunjenjemera. Yachitatu Dikoni anagwira chiwala, ndipo ngakhale anachitafuna nthawi yaitali ngati nkhalamba yopanda mano, sichinapulumuke.

Tsiku lina la sabata yachinayi a Magalasi anatseka Baibulo n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya m'mawa. Besi inatuluka yonse. M'beseni muja Dikoni anaponda thaulo ndi miyendo yakutsogolo, nadzikweza mpaka mimba inachoka pansi. Anaima choncho, chibwano chili chokhotera kumanzere, n'kugwedeza mutu kawiri.

"Mayi," anaitana a Magalasi motsitsa mawu, osasuntha. "Bweretsani foni timujambule. Tikamuonetse mwana masana."

Akazi awo anabwera akupukuta manja, n'kusuzumira m'beseni.

"Pitirizani kuimba," anatero akujambula ndi foni. "A Dikoni akufuna vesi yachiwiri."