Jenereta ya Haji Nazih ndi Dzanja la Munir

Kuno ku Tripoli magetsi a boma ndi mlendo. Akabwera, anthu amakuwa m'makonde kuti "Boma labwera!" ndipo amayi amathamangira kumakina ochapira. Akathima, palibe amene amafunsa chifukwa. Chizolowezi chimenechi ndicho chinadya dzanja la Munir, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Haji Nazih anali ndi nyumba yosanja pamsewu wathu. Pansi panali bekare yake, pamwamba maofesi. Atatopa ndi kutaya mtanda wa buledi tsiku ndi tsiku, anagula jenereta yaikulu. Woika anali mlamu wake Wajih, munthu amene sanapondepo m'kalasi ya zamagetsi koma palibe chimene sadziwa pansi pano.

Mu ofesi ina pamwambapo munkagwira ntchito Houda, injiniya wa zamagetsi. Atamva kugogoda anatsika, n'kupeza Wajih atalumikiza mawaya a jenereta pabolodi lalikulu la nyumba yonse.

"Haji, swichi yosinthira ili kuti?" anafunsa Houda. "Lamulo sililola jenereta pa nyumba ya malonda popanda imeneyo. Ndi imene imadula waya wa boma magetsi a jenereta asanalowe. Popanda iyo, magetsi anuwa azituluka mpaka kukakwera papolo apo. Pakufunikanso waya wopita m'nthaka, ndipo munthu wa chilolezo ayendere ntchitoyi musanalize."

Wajih anaseka chikhakhali. "Achemwali, mabuku akupwetekani. Waya wa boma wake uti? Uja mbalame zimagonapo? Tizingotsitsa swichi yaikulu ndi dzanja tisanalize, nkhani yatha."

"Nanga tsiku loiwala?"

"Ine zaka makumi atatu ndikuphika buledi, mchere sindinaiwalepo," anatero Haji Nazih. "Kwera kuofesi kwako mwana wanga, ukajambule timizere tako."

Houda sanagwe ulesi. Anawalembera kalata yofotokoza zonse zofunika. Ndinaiona ndi maso angawa kalatayo, itakulunga mkate wopaka zokometsera za zaatar wa kasitomala wina, mafuta ali noninoni. Wajih anangomata kapepala pakhoma: "Tsitsa yaikulu usanalize."

Miyezi itatu zinayenda, ndipo Wajih ankati akakumana ndi Houda pamasitepe, "Injiniya, tafa angati lero?"

Lachiwiri lina m'mawa magetsi a boma analipo, makina okandira atadzaza mtanda wa buledi wa paukwati. Cha m'ma naini anathima. Haji anatukwana boma monga timachitira tonse, n'kuthamangira kuseri kukaliza jenereta. Kapepala kaja anakadutsa, manja ali ufa wokhawokha. Swichi yaikulu sanaitsitse.

Koma tsiku limenelo magetsi sanathime mwachizolowezi. Anthu a zamagetsi a boma anachita kuwazimitsa dala kuti akonze waya papolo la pangodya. Amene anakwera anali Munir, bambo wa ana anayi, yemwe m'mawa uliwonse ankagula makaake awiri, timikate ta chitowe, pa bekare yomweyo. Anali atayeza wayawo, n'kupeza mulibe moto. Anaugwira ndi mtima wonse. Jenereta italira, moto unatuluka m'nyumba ya Haji n'kumupeza pamwambapo.

Tinamva kuphulika, kenako kukuwa kwa anzake. Houda ndiye anazindikira msanga. Anatsika opanda nsapato, anakankha Haji pakhomo, n'kukazimitsa jeneretayo. Munir anamutsitsa akupuma, koma kuchipatala anamudula dzanja lamanja m'chigongono.

Patapita masiku awiri apolisi anabwera kudzatseka bekareyo, n'kumata chitseko ndi phula lofiira la khoti. Wajih sanaoneke, akuti anapita kukaona azakhali ake kumapiri. Haji anaima panja atazunguliridwa ndi anthu, akupukusa mutu.

"N'chifuniro cha Mulungu," anatero. "Ndani akanadziwa?"

"Musamunamizire Mulungu, Haji!" anakalipa Houda. "Mulungu sanalumikize mawaya amenewa. Mukuti ndani akanadziwa? Ine ndinadziwa, ndinakuuzani, ndinachita kukulemberani. Lamulo lija silinaikidwe chifukwa inu ndinu chitsiru ayi. Linaikidwa chifukwa munthu aliyense amaiwala, ndipo woiwalayo amakhala ali pansi, wofayo ali pamwamba."

Palibe amene anamuletsa, ngakhale kuno mkazi wamng'ono sakalipira Haji pagulu.

Munir atatuluka m'chipatala, Haji anapita kukamuona atanyamula mbale ya maswiti. Mkazi wa Munir sanailandire, anangoloza pamene mwamuna wake anakhala. Haji anayamba kupepesa, mawu akutuluka mbwerekete, akulonjeza kuti swichi ija aiika, woyendera amuitana, zonse achita monga mwa lamulo.

Munir anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatambasula mwendo.

"Mwabwera nthawi yabwino, Haji. Ndikufuna kupita kumzikiti, ndipo mkazi wanga watopa nane. Tandimangirani chingwe cha nsapatochi."

Haji Nazih anagwada pansi ndi ndevu zake zoyera. Anayesa katatu konse ndi manja ake onse awiri, koma mfundo sinagwire.

Phunziro: Jenereta ya pa nyumba ya malonda iikidwe ndi munthu wa chilolezo, ikhale ndi swichi yosinthira ndi waya wopita m'nthaka, ndipo iyenderedwe isanalire. Musadalire kuti mudzakumbukira, chifukwa waya wa m'nyumba mwanu umakathera m'manja mwa munthu wina.