Mchere m'Ndiwo za Oswald

Ngakhale mwana wa katekisimu amadziwa kuti mkazi wa mwini sanenezedwa chigololo pagulu, makamaka mwamuna wake ali chigonere. Koma Josephine anachita zomwezo kwa Fridah, pachitsime, dzuwa likuswa mtengo. Tsono Fridah, atakhala pamphasa pakhonde pake Lamulungu masana, akuona anthu a mphakati akulowa m'bwalo kudzapempherera mwamuna wake Oswald, nyimbo yawo sankaimva konse, pakuti mumtima ankanola mawu amene anabwera nawo kuchokera ku Lusaka.

Josephine anali mlongo wake wa Oswald. Miyendo ya Oswald itayamba kutupa, mpweya ukumuthera pakamtunda kochokera kudimba, Josephineyo ndiye ananena kuti ndi mdulo: kuti Fridah, popita kukagulitsa tomato ku Chongwe, anagona ndi mwamuna wina, nabwera kudzathira mchere m'ndiwo, namudula mwamuna wake. Ndipo Akhristu omwewa, amene amagwada naye limodzi m'tchalitchi cha ku Kasisi, anakhulupirira. Norah, mnzake wa mumphakati, anasuntha ndowa yake pachitsime kuti italikirane ndi ya Fridah. Josephine anasamukira m'nyumbamo, nalanda mthiko, nayamba kumwetsa wodwalayo madzi a mizu othira mchere wambiri, monga amachizira mdulo. Ndipo Oswald, Oswald amene anabereka naye Kondwa, anakankha mbale imene Fridah anamuikira. Nanga Fridah anakhaliranji chete nthawi yonseyo? Ankati ndi ulemu, ankati mkazi wolangizidwa sakangana ndi akuchimuna. Koma mwina anali mantha chabe, ndipo manthawo ndiwo anachedwetsa ulendo wa kuchipatala.

Ku Lusaka dokotala anatenga magazi a Oswald. Anafotokoza kuti mtima ukamalemedwa umasiya zizindikiro zake m'magazi, ndipo mwa Oswald zinali zochuluka; atauunika ndi makina, anapeza kuti njira za magazi m'mapapo zathina, kotero mbali yakumanja ya mtima, imene imakankhira magazi kumeneko, yatopa, nchifukwa chake madzi akudzaza m'miyendo. Matendawa sachira, anatero. Mankhwala angowachepetsa mphamvu, ndipo mchere ausiye, chifukwa ukuwonjezera kutupa. Josephine anali pomwepo, ndipo anamva zonse.

Apa ndi pamene Fridah ankadziopa yekha. Atamva kuti mtima wa mwamuna wake ukulephera, chinayamba kumufikira si chisoni ayi, koma chimwemwe, chotentha, chonga cha munthu wopambana mlandu. Chisonicho chinabwera pambuyo, m'minibasi, ndipo chinapeza malo atatengedwa kale. Mkazi wotani amene amakondwera ndi magazi otere? Koma ndani anamusandutsa mkazi wotero, ngati si uyo wakhala pafupi ndi mpanda, korona ali m'manja, maso ali pansi ngati woyera mtima?

Ba Greenwell, wapampando wa mphakati, anatha kuwerenga Uthenga Wabwino. Fridah anadziwa kuti tsopano afunsa ngati alipo ali ndi mawu, ndipo iye adzaimirira, adzamutchula Josephine dzina, adzanena kuti mchere wotupitsa Oswald unachokera m'dzanja la mlongo wake. Adzamutchulanso Norah, ndi ena onse, mmodzimmodzi, kuti nawonso alawe kuyenda mumsewu anthu akukutsinzinira diso. Sankafuna kupepesedwa. Ankafuna kuona nkhope ya Josephine ikugwa, iye ali chiimire. Kuseri kwa khoma, mpweya wa Oswald unkamveka, waufupi, ngati wa munthu wokwera phiri, ndipo ngakhale umenewo Fridah anauwerengera ngati mboni yake.

"Kapena alipo ali na mawu?" anafunsa ba Greenwell.

Fridah anatsamiza dzanja pansi kuti adzuke, koma Josephine anali atanyamuka kale. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, nagwada m'fumbi, nkhope italoza kwa Fridah.

"Abale, ninanama," anatero ndi mawu omveka kwa onse. "Amake Kondwa sanachite kanthu. Nine ninaononga dzina lawo pachitsime, nine ninamwetsa mlongo wanga mchere. Mulamu, nikhululukireni."

Amayi anayamba kung'ung'udza mosirira, wina napukuta msozi, ndipo Fridah anazindikira kuti mkazi amene anamulanda mthiko wamulandanso tsiku lake. Maso onse tsopano anali pa iye, ofatsa, oyembekezera, maso omwe aja a pachitsime. Mawu ake onse anali akadali pakhosi, akuthwa, osagwiritsidwa ntchito. Ndipo Josephine, ali chigwadire, anatambasula manja ake awiri kwa iye, manjawo osanjenjemera n'pang'ono pomwe.