Wilitcheya ya Abambo Yapha Anthu

Mlongo wanga ndi munthu woti ukamutuma mchere amabwera ndi nkhani. Amakonza mafoni pa kashopu ka mnzake, koma ukamufunsa ntchito yake amatukumula chifuwa n'kunena kuti ndi wopanga mafilimu, ndipo anzake amamutcha Dayirekita. Mafilimu akewo ndi a katundu wa m'nyumba amene amadzuka n'kuyamba kupha eni ake. Anayamba ndi ayironi yoluma anthu, kenako ambulera yomeza ana a sukulu. Ine ndinkangoseka, poti wamisala wa pakhomo pako umamuzolowera.

Abambo athu anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, pakamwa panapotoka. Munthu amene anayendetsa basi moyo wake wonse, wokalipira kondakitala mawu mpaka kumveka ku mpando wakumbuyo, tsopano lilime linkawakanika. Tsiku lina mlendo anawafunsa mobwerezabwereza kuti, “Mwati chiyani?” ndipo kuchokera pamenepo abambo anatseka pakamwa. Akafuna madzi ankaloza. Akakwiya ankangobuula, kubuula kochokera pansi pa mimba, “Hrrrm!” Wilitcheya imene tinawapezera ankadana nayo koopsa. Tikawakhazikamo, dzanja lamoyolo ankaliika pamwendo, tayala osalikhudza n'komwe. Adokotala anatiuza mosabisa kuti munthu akasiya kuyesa, thupi nalonso limasiya. Ine mantha anga anali amenewo, kuti abambo atsala pang'ono kusiyiratu, ndipo kanthu kakang'ono kowachititsa manyazi kakanatha kuwamaliza.

Ndimaluka tsitsi pa saluni. Tsiku lina kasitomala wanga ankangogwedezeka ndi phwete, mutu osakhazikika, mpaka mzere unakhota.

“Amayi, khalani bwino, mutuluka muno ngati mwalukidwa ndi mdani,” ndinatero.

“Pepani asisi, koma taonani izi!”

Anandionetsa foni. Wilitcheya yopanda munthu inkayenda yokha m'kolido, ikuthamangitsa mnyamata wovala thawulo. Ndinatsala pang'ono kuseka, koma maso anga anagwa pa khushoni ya maluwa ofiira imene inali pampandopo. Khushoni imeneyo ndinasoka ndine. Kenako mpandowo unaima, n'kutembenuka pang'onopang'ono, n'kubuula kuti, “Hrrrm!”

Mayo ine! Chipeso chinagwa m'manja.

Mlongo wanga ndinakamupeza ku kashopu kuja akumasula foni ya munthu.

“Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Si paja unkati wilitcheya ukupita nayo kukaithira girisi abambo akagona masana?”

“Girisi ndinathiradi, asisi. Simukuona mmene ikuyendera?”

“Nanga mawu aja?”

Anakanda m'mutu. Anavomera kuti anawajambula ali kuseri kwa chitseko, pa nthawi imene ine ndinkawaongola dzanja abambo akumva kupweteka. “Koma asisi, kunena zoona, mawu ngati amene aja sungawapeze kulikonse. Anthu akuti ndi mkango.”

Ndinavula silipasi n'kumukwapula nayo pomwepo, makasitomala ake akuona. Analonjeza kuti aichotsa, koma madzi akatayika saoleka, filimuyo inali itayenda kale m'mafoni a anthu. Ndinamuuza kuti abambo akangoiona, iye asadzanditchulenso kuti asisi. Kunyumba foni yanga ndinkaibisa, alendo ndinkawachingamira pakhomo n'kuwachenjeza asanalowe.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamuiwala: azakhali athu, mlongo wawo wa abambo, mayi woti sagogoda ndipo sanong'ona.

Lamulungu masana ndinatuluka kukagula mankhwala. Pobwerera ndinamva mawu a azakhali ndili panja. Nditalowa ndinapeza abambo awakhazika kutsogolo kwa TV, mu wilitcheya yomweyo, pa khushoni yomweyo. Mlongo wanga anali ataima pafupi ndi chitseko ngati nkhuku yonyowa, waya wolumikizira foni ku TV uli m'manja.

“Andikakamiza, asisi,” ananong'ona.

“Bwera udzakhale apa, mwana iwe!” anakuwa azakhali. “Achimwene atchuka osadziwa! Ine kuimva kwa anthu a m'minibasi, inu eni ake phee?”

“Azakhali, chonde, abambo atopa.”

“Atopa ndi chiyani? Akulima? Khala pansi!”

Kuzimitsa kukanakhala kuwauza abambo kuti pali chobisa. Ndinakhala pamphepete pa sofa, pepala la mankhwala ndikulifinya m'manja, maso anga ali pa nkhope yawo.

Filimu yake, abale inu, inali yomvetsa chisoni. Woyamba kufa anali landilodi, mnyamata amene anamuthira ufa m'mutu kuti aoneke wokalamba. Twaini yokokera mpando inkaoneka bwinobwino. Mpando utafika pachitseko unakodwa, dzanja la munthu n'kutulukira pambali, kuunyamula, n'kubwerera. Landilodi anagundidwa pang'ono chabe pa bondo koma anakuwa ngati wagwa pa denga, magazi ali mbwee, botolo la tomato sosi likuonekera pakona. Atafa, ntchentche inamutera pamphuno, maliro n'kuikupiza.

Azakhali ankamenya ntchafu ndi kuseka. Abambo anali duu, nkhope osasuntha.

Kenako inafika nthawi ija. Mpando unatembenukira kwa ife, khushoni ya maluwa ofiira ili poyera, n'kubuula. “Hrrrm!” Pa TV mawuwo anamveka aakulu kuposa a pa foni, anadzaza chipinda chonse. Ngakhale azakhali anasiya kuseka, poti anawazindikira.

Mapewa a abambo anayamba kugwedezeka, mutu unawerama, pakhosi pakutuluka kaphokoso kachilendo, “Khi, khi, khi.” Ndinati basi, yabweranso sitiroko, ndipo wawapha ndi mwana wawo yemwe.

“Thamanga ukaitane galimoto!” ndinamukuwira mlongo wanga, ine ndikugwada kuti ndiwamasule batani la pakhosi. “Abambo! Abambo, ndiyang'aneni!”

“Chitsiru iwe, choka apo,” anatero azakhali. “Sukuona kuti akuseka?”

Ndinawayang'anitsitsa. Ankasekadi. Ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, misozi ikutsika, malovu akudontha pa malaya, ndipo sanavutike n'kuwabisa. Ndinali nditaiwala kuti abambo ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo.

Anakweza chala n'kuloza TV. Milomo inalimbana kwa kanthawi.

“Nda... ndani... akuyendetsa?”

“Mnzanga, abambo,” anayankha mlongo wanga. “Amakoka ndi twaini.”

“Mbuli.”

Mawuwo anatuluka opindika, koma palibe amene anafunsa kuti mwati chiyani. Azakhali anagwa chagada pa sofa ndi kuseka. Abambo anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, kenako nkhope inasintha, kuseka kunatha. Anamuyang'ana mlongo wanga.

“Mawuwo... ndi anga?”

Dayirekita wathu anagwada pansi. “Ndi anu, abambo. Pepani. Ndinalakwa.”

Pa TV wina ankathawa akukuwa, koma palibe amene ankaonera. Abambo anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Kenako anakoka mpweya, natsitsa chibwano, n'kubuula mwadala, mokweza kuposa pa filimu paja.

“Hrrrrm!”

Dzanja lawo linachoka pamwendo n'kugwira tayala.

Anakankha. Poti dzanja linali limodzi, mpandowo unangozungulira pamalo pomwepo mpaka anayang'ana kukhoma. Ndinadzuka kuti ndiwathandize, koma anandithamangitsa ndi diso. Anatsitsa phazi lamoyolo pansi, naliponda pa simenti, nawongola mpando, n'kukankhanso. Ulendo uno unalunjika kwa mlongo wanga.

Iye poyamba anangoti kukamwa yasa. Kenako anamvetsa. Anadzuka, nagwira mutu ndi manja awiri, n'kukuwa ngati landilodi uja, “Mayooo, ndafa ine!” Anayamba kuthawa mozungulira tebulo, akuthawa pang'onopang'ono dala, abambo ali pambuyo, kukankha ndi dzanja, kupalasa ndi phazi, kubuula. Abambo anaomba tebulo, makapu anga abwino a alendo n'kugwa, phwaa! Anaponda chala cha azakhali, iwo n'kutukwana kwinaku akuseka. Pomaliza anamupanikiza mlongo wanga pakona ya kabati n'kumugunda pa msongolo, kugunda kwenikweni, moti kukuwa kwake kwa ulendo uno sikunali kwa filimu. Anadzigwetsa pansi, lilime kunja.

Ine ndinati ndikatenge tsache losesera makapu osweka aja. Nditafika kukhitchini ndinangokhala pansi pafupi ndi sinki n'kulira ngati mwana. Miyezi yonse ija ndinkayenda monyang'ama m'nyumba muno, kuwateteza abambo ku chilichonse, mpaka ku phwete lomwe. Mtima unatsika, abale, unatsikiratu. Mlongo wanga ndinali ndisanamukhululukire, ndipo makapu aja adzagula, koma nthawi imeneyo ndikanatha kumupsompsona pa chipumi.

Kuchipinda chochezera kunamveka tayala likukhula pa simenti, kenako mawu a abambo, olemera, opindika, akutuluka limodzilimodzi koma osaima panjira.

“Dzuka iwe. Dzuka, ndikuphenso.”