Mipando ya Esnart

Mbiri inamveka ku Meriting, komboni ya ku Rustenburg, kuti bungwe lina lothandiza amayi othawa zipolowe likubwera kudzapereka furiji kwa mayi mmodzi wa geni. Dalila atamva anati yangayo. Ndani anathawa kuposa iye? Anachoka ku Durban chaka cha zipolowe chija, mwana kumsana, kashopu kake kakuyaka m'mbuyo. Tsopano ankagulitsa thobwa pageti la mgodi, koma dzuwa la ku Rustenburg lilibe chibale. Pofika masana thobwa linkakhala litasasa.

"Amayi, ili ndi thobwa kapena masese?" ankatero anyamata a mumgodi. "Akatiuzitsa kachipangizo koyezera mowa pagetipa, ntchito yatha. Mudzatilemba inuyo?"

Kwa Dalila, Msilamu wa ku Mangochi, mawuwo anali mbama. Popanda furiji, geniyo inali kufa.

Koma kwawo kwa Dalila mlendo saonetsedwa umphawi. Angakanene chiyani kumene akupita? Choncho anasesa bwalo mpaka nyerere zinasowa njira. Kenako anagogoda kwa Esnart, mnansi wake wogulitsa tomato.

"Achemwali, ndibwerekeni mipando. Ndi katebulo kaja. Ndi makatani."

"Mutengenso denga," anatero Esnart, akuseka. "Kodi akubwera ndi alendo kapena apongozi?"

Esnart anali wamtima. Anapereka zonse, ndi kapeti yemwe, ndi makapu agalasi amene sankatuluka m'katoni. Dalila anapha nkhuku, naphika mpunga wonunkhira, navala diresi la pa Idi.

Alendo anafika awiri: bwana wamtali wokolekera kamera m'khosi, ndi Linnet, mtsikana wa ku Zomba amene ankamasulira. Dalila anawagwadira, nawasambitsa m'manja. Bwana anadya ntchafu, napempha inzake. Linnet ankangoyendetsa maso pa makatani, pa kapeti, pa makapu. Anasendera pafupi.

"Amayi," ananong'ona, "katundu yenseyu ndi wanu?"

Dalila anayang'ana bwana uja. Munthu angaulule bwanji kuti mpando umene mlendo wakhalira ndi wobwereka, mlendoyo akadali ndi fupa m'kamwa?

"Alihamudulilahi, mwanangu. Tikuyesetsa."

"Amayi, ganizani bwino musanayankhe."

"Ndati tikuyesetsa."

Linnet anapumira m'mwamba, namasulira. Bwana anawomba m'manja, nalankhula nthawi yaitali, maso ali ngwee.

"Akuti ndinu chitsanzo," anatero Linnet, osamuyang'ana. "Akuti mwatuluka kale mu umphawi ndi mphamvu zanu. Akufuna chithunzi. Nyamulani botolo la thobwa, mumwetulire."

Dalila anamwetulira mpaka masaya kuwawa. Anaganiza kuti chithunzicho ndi chiphaso cha furiji.

Potuluka, bwana anasuzumira khomo loyandikana, naima chilili. Esnart anali khale pansi penipeni pa simenti, atavala chitenje chochapira, akudya tomato wophwanyika ndi mchere. Mazenera anali pululu. M'nyumba munalibe ngakhale pokhazika kapu. Bwana anavula magalasi, napukuta m'maso. Kamera inalira ngati chiwala.

"Uyu anathawa kuti?" anafunsa kudzera mwa Linnet.

"Ine?" anatero Esnart. "Ndinathawa mwamuna ku Dedza."

Linnet anamasulira mwachidule kwambiri. Bwana anagwedeza mutu mwachisoni: nkhanza, nkhanza zokhazokha.

Sabata yotsatira furiji inatsika pagalimoto, yoyera, yaitali kuposa chitseko, ndipo inalowa kwa Esnart. Dalila anaonerera ali pakhomo pake. Kwa iye a bungwe anasiya uthenga woti adzapite ku hotela m'tauni akaphunzitse amayi anzake kudzidalira. Thiransipoti adzipezere yekha, popeza ndi wodzidalira.

Masana amenewo ananyamula zigubu zake za thobwa, nagogoda.

"Odi, achemwali."

"Lowani, abwana a geni!" Esnart anali atakhala pampando wake, miyendo patebulo. "Pepani, kuno ndi kwa amphawi."

"Musandiseke. Furijiyi mwaipeza chifukwa mipando yanu inali kwanga."

"Ndinakutumani kuti mundikhuthule?"

Dalila anatsegula furiji. M'furijimo munali tomato atatu ndi botolo la madzi.

"Ndiikeko thobwa. Pansi pokha."

Esnart anayang'ana denga ngati mkulu wa mgodi amene wapemphedwa tchuthi.

"Ikani. Koma ine sindidzuka nthawi ya shifiti yam'mawa. Muzidikira ndiyambe ndamwa tiyi."

"Anyamata amalowa kusanache!"

"Ndiye muzibwera ndi tiyiyo, achemwali. Wamkaka. Ndipo bwana uja akadzabweranso kudzaona mmene ndikutukukira, mudzatenge mipandoyi m'mawa. Ndamva kuti chaka chamawa akupereka jenereta."

Dalila anagwada, nayamba kulongedza zigubu.